Njinga yanu ku Britain: zoti muchite isanabedwe, ndi zoti muchite ikabedwa

Munthu amene wangofika kumene ku Britain, kaya wabwerera sukulu kaya ntchito yosamalira okalamba, sachedwa kuona kuti ndalama zambiri zikuthera pa basi ndi sitima. Mashifiti ena amayamba m'mamawa basi yoyamba isanatuluke. N'chifukwa chake ambiri amagula njinga m'miyezi yoyambirira, ndipo amachita bwino. Vuto n'lakuti njinga zimabedwa kwambiri kuno, makamaka ku London, Cambridge, Oxford ndi m'mizinda ina momwe muli ophunzira ambiri. Apolisi a ku England ndi Wales amalandira madandaulo masauzande ambirimbiri chaka chilichonse, ndipo yochuluka mwa milanduyi imatsekedwa wakubayo asanadziwike n'komwe.

Kwathu munthu akagwira njinga yomwe si yake pamsika, wina amakuwa kuti “wakuba!” ndipo msika wonse umadzuka. Kuno musayembekezere zimenezo. Wakuba amatha kudula loko masanasana, moto uli thethethe pachitsulo, anthu n'kumangodutsa maso ali pafoni. Ena amaganiza kuti ndi mwini wake wataya kiyi, ena amaopa kubayidwa. Choncho ntchito yaikulu yoteteza njinga ili m'manja mwanu, ndipo yambiri imagwiridwa tsiku lomwe mwagula njingayo.

Yambani ndi kagulidwe

Njinga zotchipa zili mbwee pa Facebook Marketplace, Gumtree ndi eBay, ndipo pakati pa za anthu okhulupirika pamakhalanso zakuba. Musanapereke ndalama, funsani wogulitsayo nambala ya felemu. Ikani nambalayo pa BikeChecker, mbali ya webusayiti ya BikeRegister yomwe imakuuzani mwaulere ngati njingayo inalembedwa kuti inabedwa. Wogulitsa akayamba kuzemba, akanena kuti sakudziwa pomwe pali nambala, akafuna kuti mukumane usiku pakona pamsewu osati pakhomo pake, kapena njinga ya £800 akuigulitsa £90, isiyeni. Pomwe payenera kukhala nambala pakaoneka kuti papalidwa kapena papakidwa penti watsopano, isiyeninso.

Nkhaniyi ndi yaikulu kwa ife alendo kuposa kwa eni dziko. Ku England ndi Wales, lamulo la Theft Act 1968 limati kulandira katundu ukudziwa kapena ukukhulupirira kuti ndi wakuba ndi mlandu, ndipo chilango chake chachikulu ndi zaka 14 kundende. Mbiri ya mlandu imakutsatirani pokonzanso visa kapena popempha chilolezo chokhaliratu. Ngakhale mutagula mosadziwa, mwini wake akapezeka njinga imabwerera kwa iye, inu ndalama zanu zapita.

Ngati mukugula kwa munthu, lemberanani kapepala: dzina lake, tsiku, mtengo, mtundu wa njinga, nambala ya felemu, n'kusaina nonse awiri. Jambulaninso chilengezo chomwe anaika pa intaneti asanachichotse. M'mizinda yambiri muli mashopu a mabungwe othandiza anthu omwe amakonza njinga zakale n'kumazigulitsa ndi lisiti. Kumeneko mtengo umakwerako pang'ono, koma mumagona tulo.

Langizo langa pa mtundu wa njinga ndi lakuti yopitira kuntchito ikhale yooneka yotopa. Yakale, ya penti wosuwa, koma ya mabuleki ogwira ndi matayala abwino, imakufikitsani komwe yatsopano ikadakufikitsani, ndipo wakuba amayamba wayang'ana yowala yomwe yaima pambali pake.

Nambala ya felemu, tsiku lomwelo

Tembenuzani njinga chagada, chishalo ndi mahandulo zikhale pansi. Yang'anani pachitsulo chonenepa chomwe chili pakati pa mapedulo awiri, kunsi kwake. Pamenepo mupeza manambala osakanikirana ndi zilembo, odindidwa m'chitsulo momwemo. Nthawi zambiri pamakhala matope ndi girisi, ndiye pukutani ndi kansanza n'kuwalitsa tochi ya foni chapambali kuti zilembo zioneke bwino, chifukwa 0 ndi O kapena 8 ndi B zimasokoneza. Njinga zina nambala imakhala kutsogolo pansi pa mahandulo, kapena pafupi ndi pomwe pamalowa wilo lakumbuyo.

Jambulani nambalayo. Jambulani njinga yonse mbali zonse ziwiri, pomwe inakalika, sitika iliyonse, keliyala ngati munaikapo. Jambulitsaninso chithunzi inuyo mutaima nayo. Zithunzizi ndi lisiti dzitumizireni pa imelo, kuti foni ikatayika zisapite nayo.

Kenako lembetsani njingayo pa BikeRegister. Ndi kaundula amene apolisi a ku Britain amayang'anamo akagwira njinga, ndipo kulembetsa n'kwaulere. Apolisi ndi makhonsolo amakonzanso masiku odinda njinga chizindikiro chosafufutika, kawirikawiri pasiteshoni ya sitima kapena payunivesite, nthawi zambiri osalipiritsa. Mukamva kuti tsikulo lafika m'dera lanu, pitani nayo. Apolisi amapeza njinga zambiri zakuba zomwe amalephera kubweza chifukwa mwini wake sakudziwika, ndipo munthu wongonena kuti “inali yakuda, ya magiya” sangapatsidwe kanthu.

Loko

Apa ndi pomwe ambiri amapulumutsira ndalama molakwika. Loko wa waya wokutidwa ndi pulasitiki uja, wopindika ngati chingwe, amaduka ndi chodulira chokwana m'thumba la jekete m'kanthawi kochepa kwambiri. Asakhale loko wanu wamkulu ngakhale tsiku limodzi.

Gulani loko wachitsulo cholimba wooneka ngati chilembo cha D, amene m'mashopu amamutchula kuti D-lock. Papaketi yang'anani chizindikiro cha Sold Secure, bungwe lomwe limayesa maloko n'kuwaika m'magulu: Bronze, Silver, Gold ndi Diamond. Wa mumzinda akhale Gold kapena Diamond. Kryptonite ndi Abus ndi ena mwa mayina omwe mudzawapeza pafupifupi paliponse. Anthu a njinga amakonda kunena kuti mtengo wa loko ukhale gawo limodzi mwa magawo 10 a mtengo wa njinga. Kwa njinga yotchipa ine ndimati pitirirani pamenepo, chifukwa chomwe mukuteteza si chitsulo chokha ayi, ndi shifiti ya mawa m'mawa.

Akuba amakono amayenda ndi galayinda ya batire, makina odulira zitsulo aja amagwiritsa ntchito owotcherera, koma ang'ono okwana m'chikwama. Loko wamba, ngakhale wa Gold, galayinda imamudula. Alipo maloko opangidwa kuti azidya mpeni wa galayindayo, monga Litelok X1 ndi Hiplok D1000. Mtengo wake umapitirira £100, ndipo ndi oyenera amene ali ndi njinga yamagetsi kapena amene njingayo ndiyo imamudyetsa. Kwa ena tonse, cholinga n'kumuchedwetsa wakubayo ndi kumuchititsa phokoso mpaka aone kuti kuli bwino apite pa njinga ina.

N'chifukwa chake maloko awiri amaposa mmodzi, makamaka akakhala a mitundu yosiyana: D-lock kumbuyo, tcheni cholimba kutsogolo. Kiyi wachiwiri musiyeni kunyumba, ndipo kakhadi ka nambala ya kiyi komwe kamabwera m'paketi kasungeni, chifukwa ndi komwe mudzaitanitsire kiyi wina mukataya.

Kamangidwe kake

Loko wabwino womangidwa molakwika sathandiza. Yendani pafupi ndi siteshoni iliyonse ya sitima, muona wilo lakutsogolo lili lokhalokha, lomangidwa bwinobwino pachitsulo, njinga yonse itapita. Mwini wake anamanga wilo osamanga felemu, ndipo mawilo ambiri amachoka pongotembenuza kachitsulo ndi chala.

Chitani motere. Yandikitsani njinga pachitsulo choimikapo. Lowetsani D-lock kuti agwire zinthu zitatu nthawi imodzi: chitsulo choimikapo, felemu ya njinga chakumbuyo, ndi wilo lakumbuyo. Loko wachiwiri agwire wilo lakutsogolo, felemu, ndi chitsulo chija ngati n'kotheka. M'kati mwa loko musatsale mpata waukulu, chifukwa mpatawo ndi momwe amalowetsa chitsulo kapena jeke n'kukanula. Loko asagone pansi, poti pansi ndi pomwe amatsamiritsa chodulira kapena kumenya ndi hamala. Bowo la kiyi liyang'ane pansi, kuti madzi asalowe komanso kuti lisafikirike mosavuta.

Chitsulo chomwe mukumangapo chigwedezeni kaye. Zoimikapo zabwino ndi zija zopindika ngati chilembo cha U chozondoka, zozikidwa mu simenti, zomwe amazitchula kuti Sheffield stand. Koma akuba ena amadula chitsulocho usiku n'kukulunga tepi podulidwapo, kuti njinga ikamangidwa angokankha n'kusolola loko. Mukaona tepi kapena sitika yokulungidwa mozungulira chitsulo, pitani pa china. Mtengo wachitsulo wa chikwangwani cha pamsewu ndi wosadalirika ngati uli waufupi, poti amanyamula njinga n'kuitulutsira pamwamba. Mpanda wamatabwa kapena wawaya umaduka msanga kuposa loko. Ndipo pampanda wa nyumba ya eni polembedwa kuti njinga zidzachotsedwa, amachotsadi.

Nyali, pampu ndi kachikwama ka zida, chotsani mupite nazo. Ngati chishalo ndi mawilo zili ndi tizitsulo tomasula ndi chala, pitani kwa wokonza njinga akuikireni mabawuti ofuna kiyi wakewake.

Pali msampha wina wofunika kuudziwa. Mukabwera n'kupeza tayala laphwa mwadzidzidzi, kapena loko wachilendo wamangidwa panjinga yanu, kapena bowo la kiyi lathiridwa guluu, musaisiye kuti mudzaione mawa. Nthawi zina wachita zimenezo akufuna njingayo igone pamenepo kuti abwere usiku ndi zida. Ngati n'kotheka, ikankheni mpaka kunyumba. Ngati yamangidwa ndi loko wa wina, onjezerani wanu, uzani apolisi pa 101 (nambala yawo ya foni ya nkhani zosakhala zadzidzidzi) ndi oyang'anira malowo, ndipo muthane nazo tsiku lomwelo.

Malo oimika, ndi kunyumba

Sankhani poyera, powala, podutsa anthu ambiri, pomwe pali kamera. Kanjira kakumbuyo kobisika kamabisa wakuba, osati njinga. Pasiteshoni ya sitima ndi poopsa chifukwa aliyense amadziwa kuti mwini njinga sabwera mpaka madzulo. Masiteshoni ena ali ndi chipinda cha njinga chotsekedwa cholowa ndi khadi, funsani mtengo wake. Kuntchito funsani abwana ngati pali malo m'kati mwa mpanda, ndipo ngakhale m'katimo imangeni. Musazolowere kuisiya malo amodzimodzi pamsewu usiku ndi usiku.

Mawu akuti “ndingolowa kamphindi” ndi amene atayitsa njinga zambiri pakhomo pa shopu. Mangani ngakhale mukukagula buledi yekha.

Chomwe ambiri sayembekezera n'chakuti njinga zochuluka zimabedwa pakhomo penipeni: m'kashedi kakuseri, m'galaja, m'munda, kapena m'khonde lolowera anthu onse a m'nyumba yogawana. Ambiri a ife timayamba ndi chipinda chimodzi m'nyumba ya anthu asanu kapena asanu ndi mmodzi, chitseko chakunja chimasiyidwa chosakhoma, alendo a anzathu amalowa ndi kutuluka. Malo abwino koposa ndi m'chipinda mwanu momwe, ngati eni nyumba alola. Ikakhala m'kashedi, imangeni ku chinthu chosasunthika. Pali zitsulo zokhomera pansi kapena pakhoma zomangirapo tcheni, koma pemphani kaye chilolezo musanaboole khoma la eni. M'khonde la fulati nthawi zambiri saloleza chifukwa ndi njira yothawira moto.

M'misewu yambiri ya ku London ndi mizinda ina muona timashedi tachitsulo tozungulira pamwamba, toima pamalo oimika galimoto, tolowa njinga 6. Ndi ta lendi yapachaka kudzera ku khonsolo. Mndandanda wa odikira umakhala wautali, ndiye lembetsani mukangosamukira m'deralo. Ngati mumagwiritsa ntchito Strava kapena app ina yoonetsa njira yomwe mwayenda, bisani poyambira ndi pothera ulendo, kuti musaonetse dziko lonse khomo lomwe njingayo imagona.

Njinga zamagetsi ndi ma scooter

Njinga yamagetsi akuba amaifuna kwambiri, ndipo batire lokha ndi ndalama zambiri. Lichotseni mulowe nalo nthawi iliyonse. Dziwaninso lamulo musanagule: yololedwa kuyenda ngati njinga wamba ndi ya injini yosapitirira 250W, yomwe imasiya kukuthandizani mukafika liwiro la mamailosi 15.5 pa ola, kapena kuti makilomita 25. Yopitirira apo imawerengedwa ngati njinga yamoto, yofuna laisensi, nambala ndi inshuwalansi, ndipo apolisi amalanda. Mabatire otchipa osadziwika kochokera, kuphatikizapo akuba, ndiwo akhala akuyambitsa moto m'nyumba, choncho musatchaje usiku mutagona kapena pafupi ndi khomo lotulukira.

Scooter yamagetsi yoimirira ija ili ndi nkhani ina. M'mashopu amagulitsa, koma yanuyanu siloledwa pamsewu, panjira ya oyenda pansi kapena panjira ya njinga. Zololedwa ndi zalendi zokha m'mizinda yomwe ili mu ndondomeko yoyeserera yomwe inayamba mu 2020, ndipo pamafunika laisensi yoyendetsera, ngakhale ya ophunzira. Mukagwidwa ndi yanu apolisi angathe kuilanda, kukulipiritsani £300 ndi kukuikirani mapointi 6 achilango pa laisensi chifukwa chosowa inshuwalansi. Transport for London inaletsanso kukwera nazo mabasi ndi sitima zake kuyambira December 2021. Ine sindingalangize mlendo aliyense kuti aigule.

Scooter ya petulo, monga Honda PCX kapena Yamaha NMAX zomwe amakonda operekera chakudya, apolisi a ku London amalangiza zinthu zitatu: loko, tcheni, chophimba. Khomani chiwongolero n'kuchotsa kiyi ngakhale mukungopereka phukusi pakhomo. Ikani loko wa pa disiki ya buleki yakutsogolo. Tcheni cholimba chidutse m'wilo lakumbuyo n'kugwira chinthu chozikika pansi, chisagone pansi, chifukwa scooter yosamangidwa amainyamula anthu awiri n'kuiponya mu vani. Chophimba chimathandiza chifukwa akuba amasaka mitundu inayake, ndipo kuvundukula kumawatayitsa nthawi. Buku la umwini, V5C, lisamakhale pansi pa mpando.

Kachipangizo kolondolera ngati AirTag kamathandiza, koma dziwani kuti kamachenjeza foni ya munthu amene akuyenda nako, choncho wakuba angathe kukapeza n'kukataya. Kabiseni bwino, ndipo musachepetse loko chifukwa choti kalipo.

Inshuwalansi

Njinga ya £100 siyifuna. Yamagetsi kapena yodula imafuna. Ngati muli ndi inshuwalansi ya katundu wa m'nyumba, funsani ngati imalipira njinga yobedwa kunja kwa nyumba, poti zambiri zimafuna ndalama yowonjezera. Werengani tizilembo ting'onoting'ono tija: ambiri amafuna loko wa gulu linalake la Sold Secure, amafuna kuti njinga ikhale yomangidwa ku chinthu chosasunthika, ndipo amaika malire a maola omwe ingakhale panja. Sungani lisiti la loko ndi makiyi ake onse. Ngati njingayo mumagwirira ntchito yoperekera katundu, nenani poyamba pomwe, apo ayi adzakana kulipira.

Ikabedwa

Ngati mukuona wakuba ali m'kati modula, imbani 999, nambala ya zadzidzidzi, muli chapatali. Musalimbane ndi munthu amene wagwira galayinda.

Ngati mwapeza itapita kale, jambulani malowo ndi zidutswa za loko, n'kuzitola. Kanenenitu tsiku lomwelo, pa 101 kapena pa webusayiti ya apolisi a dera lanu. Ikabedwera pasiteshoni ya sitima, nkhaniyo ndi ya British Transport Police, omwe mungawatumizire uthenga pa 61016. Perekani nambala ya felemu, zithunzi, malo enieni, nthawi yomwe munaisiya ndi yomwe munaipeza palibe. Mudzapatsidwa nambala ya mlandu. Isungeni, a inshuwalansi adzaifuna. Ena mwa ife amaopa kupita kupolisi poganiza kuti zisokoneza mapepala awo. Munthu wa visa yake amene waberedwa ndi wodandaula, ndipo kudandaula sikuononga kanthu.

Yang'anani makamera ozungulira malowo n'kuuza apolisi komwe ali. Lowani m'mashopu oyandikana mupemphe mwaulemu kuti asunge zithunzi za nthawi imeneyo, chifukwa makina ambiri amafufuta okha pakapita masiku kapena masabata ochepa. Mwina inuyo sakuonetsani, koma apolisi akapempha amapereka. Lowani pa BikeRegister musinthe kuti njingayo yabedwa. Dziwitsani a inshuwalansi mwamsanga. Ikakhala scooter ya petulo, perekaninso nambala yake ya galimoto kwa apolisi. Tumizani chithunzi m'magulu a Facebook ndi WhatsApp a m'dera lanu, kwa anzanu akumpingo ndi akuntchito, komanso kwa okonza njinga apafupi.

Kwa milungu ingapo muziyang'ana pa Marketplace, Gumtree ndi eBay, osati mumzinda wanu mokha, chifukwa njinga zimagulitsidwa kutali ndi komwe zinabedwa. Mukaiona, jambulani chilengezo chonse, dzina la wogulitsa ndi adiresi ya tsambalo, n'kupereka kwa apolisi pamodzi ndi nambala ya mlandu ija. Musamuuze wogulitsayo kuti njingayo ndi yanu, angochotsa chilengezo n'kuzimiririka. Musapite nokha kukakumana naye, ndipo musasonkhanitse anyamata kuti mukailande. Pakabuka ndewu, amene angatsekeredwe ndinu, ndipo visa yanu ndiyo ili pachiswe. N'chimodzimodzinso ngati kachipangizo kolondolera kakuonetsa nyumba yomwe njinga ili: perekani malowo kwa apolisi, muziwaimbiranso mwaulemu kufunsa pomwe nkhani yafika.

Njinga ikabwezedwa, bwererani pa BikeRegister muchotse chizindikiro chakuti inabedwa, kuopa kuti apolisi angakuimitseni pa njinga yanu yomwe. Ngati a inshuwalansi anali atalipira kale, auzeni, chifukwa nthawi zambiri njingayo imakhala yasanduka yawo. Ndipo tsiku lomwe mudzaigulitse kapena kuisiyira mnzanu pobwerera kumudzi, musamutsireni umwini pa kaundula yemweyo n'kumupatsa lisiti ndi makiyi onse a loko.